Ntchito yanga inali kufufuta makoma kwawo kwa Banksy

Akonzi, ndiloleni ndiyambe ndi kuulula ntchito yomwe ndinkagwira nditangofika kuno ku England, chifukwa abale ambiri kumudzi amaganiza kuti aliyense wokwera ndege amakafikira mu ofesi. Ine kwa zaka zitatu ndinkadzuka 4 koloko m'mawa, kuvala ovolosi ndi magolovesi, kukwera galimoto ya kampani ina yoyeretsa, n'kumazungulira mzinda wa Bristol kufufuta zimene achinyamata alemba ndi kujambula pa makoma a eni usiku. Zolembalemba zimenezi kuno amazitcha graffiti. Zida zanga zinali makina opopera madzi mwamphamvu, mankhwala onunkha osungunula penti, ndi chigubu cha penti yotuwa yopaka pamene pakanika kuchoka.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mzinda umenewu ndi kwawo kwa munthu wotchuka kwambiri padziko lonse pa ntchito yomweyi yojambula pa makoma a eni popanda chilolezo. Dzina lomwe amadziwika nalo ndi Banksy. Tsono ine ndinkalandira kangachepe pa ola kuti ndifufute chinthu chomwe mnzanga, mumzinda womwewo, chamupatsa mbiri ndi chuma. Nkhani imeneyi yakhala ikundizunguza mutu, ndipo lero ndati ndiitulire owerenga anzanga.

Tsiku loyamba pantchito anandiphatikiza ndi bambo wina wachikulire, mzungu wobadwira momwemo. Tisanatsitse n'komwe zida anandichenjeza kuti, "Mwana wanga, usanathire mankhwala pakhoma uziyamba wayang'anitsitsa. Ukadzafufuta cha Banksy, mawa lake nkhope yako ili m'nyuzipepala ndipo ntchito yathera pomwepo." Ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga ndidzachidziwa bwanji?" Sanandiyankhe. Anangoyendetsa galimoto mpaka mumsewu wa Park Street, pafupi ndi likulu la khonsolo ya mzindawu, n'kundilozera khoma la nyumba ina yosanja.

Pakhomapo pajambulidwa zenera. Pazenerapo mwamuna wovala suti akusuzumira kunja, dzanja lili pachipumi, kufunafuna munthu. Mkazi waima pambali pake atavala zamkati zokha. M'munsi mwa zeneralo mwamuna wina wopanda chovala akulendewera ndi dzanja limodzi, linalo ataphimba paulemu. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa nkhani imeneyi sifuna womasulira. Ikumveka ku Bristol, ikumvekanso ku Mchesi komwe ndinakulira. Chithunzichi chinaoneka m'chaka cha 2006, ndipo panthawiyo m'nyumbamo munali chipatala chothandiza odwala matenda opatsirana pogonana. Khonsolo, yomwe lamulo lake n'lofufuta zoterezi, inayamba yafunsa maganizo a anthu. Ambiri zedi anati chisachoke, ndipo chinasiyidwa.

Banksy ndi ndani? Mwiniwake sanadziululepo. Ambiri amakhulupirira kuti anabadwira ku Bristol konkuno m'zaka za m'ma 1970. Nyuzipepala zina zatchulapo mayina a anthu omwe zikuwaganizira, koma iye sanavomerepo. Chithunzi chatsopano chikaoneka pakhoma, anthu amadikira kuti achiike patsamba lake la Instagram, ndiye kuti wavomera kuti n'chake. Poyamba kubisalaku kunali kuthawa apolisi, pakuti kujambula pakhoma la mwini ndi mlandu kuno. M'chaka cha 1989 apolisi anachita chipikisheni chachikulu n'kugwira achinyamata oposa 70 ojambula pa makoma, ambiri mwa iwo a mumzinda uno. Mnyamata aliyense woyamba ntchitoyi panthawiyo anaphunzirapo kuti dzina lenileni limasiyidwa kunyumba.

Ine monga mwana wa ku Dedza kubisalaku sikunandidabwitse kwenikweni. Kwathu chilombo chikatuluka kudambwe, ngakhale utaganiza kuti mayendedwe ake ukuwadziwa, sutchula dzina la munthu. Ndipo chifukwa nkhope yabisika, gule amatha kudzudzula kaduka, uchidakwa kapena kunyada kwa munthu wamkulu pabwalo, zomwe iwe ndi ine sitinganene maso ndi maso. Anthu a ku Bristol nawonso ali ndi kamwambo kofanana nako. Mu bala iliyonse mupezamo wina wonena kuti anaphunzira naye sukulu, koma mukamufunsa dzina amangomwetulira.

Luso lake ndinalizindikira msanga chifukwa cha malume anga, omwe pano anatisiya. Iwo anali mmisiri wolemba zikwangwani ku Lilongwe. Mitu yometedwa bwino ya pa makoma a mababashopu, nkhuku ndi mbale ya nsima za pa malesitilanti, zambiri mwa izo m'dera lathu zinali za dzanja lawo. Akapatsidwa ntchito yolemba mawu amodzimodzi malo ambiri, ankandituma kukatola makatoni kugolosale. Tinkajambulapo zilembo, kuzidula ndi lezala, kuika katoniyo pakhoma n'kupaka penti pamwamba. Ukachotsa katoni, zilembo zatsala pakhoma zooneka bwino. Njira imeneyi pachizungu amati stencil, ndipo ndi yomwe Banksy amagwiritsa ntchito, kungoti iye penti yake ndi ya m'chitini yopopera.

M'buku lake lotchedwa Wall and Piece, lomwe linatuluka mu 2005, iye anafotokoza mmene anaipezera njirayi. Ali ndi zaka 18, apolisi anamupezerera akupenta sitima usiku, anzake n'kuthawa, iye n'kubisala kunsi kwa chigalimoto kwa nthawi yoposa ola. Ali chigonere pamenepo anaona zilembo zolembedwa ndi stencil pa thanki ya galimotoyo, n'kuzindikira kuti vuto lake linali kuchedwa pakhoma. Kuyambira pamenepo ntchito yaikulu amaigwirira kunyumba, komwe amajambula ndi kudula mosafulumira. Pakhoma amangofikapo mphindi zochepa, kupopera, n'kuzimiririka.

N'chifukwa chake zithunzi zake zambiri ndi zakuda ndi zoyera basi, mwina n'kuikapo chinthu chimodzi chofiira choti diso likafikirepo. Anthu ake ndi omwewomwewo: ana, apolisi, asilikali, agogo, anyani, ndipo koposa onse makoswe. Khoswe ndiye amamukonda kwambiri, kanyama kodedwa kokhala mumzinda popanda woitana, koyenda usiku. Mawu salemba ambiri. Amafuna kuti munthu wodutsa pa basi amve nkhani yonse basiyo isanakhote, ayambe waseka, kenako ali panjira ayambe kuganiza kuti kodi ndimasekanji.

Koma chomwe chimamusiyanitsa ndi ena, mmene ine ndaonera, ndi kusankha malo. Chithunzi chake ukachichotsa pamene wachiika, theka la nkhani latsala pakhomapo. Kufupi ndi doko la Bristol, mu 2014, anajambula nkhope ya mtsikana motengera chithunzi chakale chotchuka cha mmisiri wa ku Netherlands, Johannes Vermeer. Pamene pamayenera kukhala ndolo, iye anagwiritsa ntchito kabokosi ka alamu komwe kanali kale pakhomapo. Mu December 2020, matenda a Covid-19 ali pachimake, anajambula gogo wina akuyetsemula mwamphamvu mpaka mano oikirira kuuluka, ndodo ndi kachikwama kugwa. Anamujambula m'munsi mwa msewu wa Vale Street, womwe ndi wotsetsereka koopsa, moti ukapendeketsa mutu zimaoneka ngati gogoyo akugwetsa nyumba zonse za mumsewuwo ndi chimfine chake.

Pali zina zomwe kuseka kwake kumathera m'khosi. M'tauni ya Port Talbot ku Wales, komwe anthu ankadandaula ndi fumbi la fakitale ya zitsulo, mu December 2018 anajambula pangodya ya galaja. Ukaima mbali imodzi ukuona mwana watambasula manja, watulutsa lilime, akusangalala ndi sinowo yogwa kumwamba. Ukazungulira ngodyayo ukupeza kuti si sinowo ayi, ndi phulusa lochokera m'chibini chomwe chikuyaka moto. Mu 2005 anapita ku West Bank n'kukajambula pa chikhoma chachitali chomwe dziko la Israel linamanga kumeneko. Chimodzi mwa zithunzizo ndi kamtsikana kakukwezedwa m'mwamba ndi mabaluni, ngati kakufuna kuoloka. Mu November 2022 zithunzi zake zinaoneka pa nyumba zophwasulidwa ndi mabomba ku Ukraine.

Tsono tifike pa ndalama, pomwe nkhaniyi imasokonekera. Chithunzi chake chodziwika kwambiri ndi cha kamtsikana kotambasula dzanja kulozera baluni yofiira yooneka ngati mtima, yomwe ikuuluka ndi mphepo. Chinayamba kuoneka pa makoma a ku London mu 2002. Mu October 2018 china chotere, chojambulidwa pansalu n'kuikidwa m'felemu, chinagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's ku London. Malonda ake amayenda ngati a fodya ku Kanengo, wopereka zambiri ndiye watenga. Chinagulidwa pamtengo woposa pang'ono mapaundi 1 miliyoni. Nyundo itangogunda, makina ong'amba mapepala omwe Banksy anabisa m'felemumo anayamba kulira, chithunzicho n'kutsika chikung'ambika mizeremizere mpaka pakati, anthu olemera ali kukamwa yasa. Ambiri anati wawaonetsa ogula zithunzi kuti ndi opusa. Koma wogulayo anachitenga chomwecho, ndipo mu October 2021 chinagulitsidwanso pamtengo woposa mapaundi 18 miliyoni. Kuching'amba kuja kunangochikweza mtengo.

Mu October 2013 anachitanso china ku New York. Anaika bambo wina wachikulire pa kabenchi pafupi ndi Central Park kuti azigulitsa zithunzi zake zenizeni pa madola 60 chimodzi, popanda kulengeza. Anthu ankangodutsa. Tsiku lonse bamboyo anapeza madola 420 okha. Zithunzi zake zomwezo, dzanja lake lomwelo, koma popanda wowauza kuti ndi za Banksy, anthu sanazione n'komwe.

Sindingamunamizire kuti ndalamazo amangodya yekha. Mu 2014 chithunzi chake cha mwamuna ndi mkazi okumbatirana, aliyense maso ali pa foni yake, chinaoneka pafupi ndi kalabu ina ya achinyamata kuno ku Bristol yomwe inatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa chosowa ndalama. Iye analemba kalata yonena kuti kalabuyo ichitenge, ndipo chitagulitsidwa pa mapaundi oposa 400,000 kalabuyo inapulumuka. Mu 2020 anapereka kuchipatala cha ku Southampton chithunzi cha mwana akusewera ndi chidole cha namwino, zidole za ngwazi za m'mafilimu atazitaya m'basiketi. Chinagulitsidwa pa mapaundi oposa 16 miliyoni, ndalamazo n'kupita ku ntchito zaumoyo. Chaka chomwecho analipirira sitima yotchedwa Louise Michel, yomwe imapulumutsa anthu othawa kwawo, ambiri a iwo Aafirika anzathu, akamamira pa nyanja ya Mediterranean.

Zonsezi ndinkazimva ndi kuziwerenga uku ndikupitiriza kufufuta. Mtima sunkanditsutsa, ndipo ndinene chilungamo, zambiri zomwe ndinkafufuta zinali zoyenera kufufutidwa. Mayina ongokhwatchakhwatcha pa zitseko za masitolo, mawu otukwana pafupi ndi sukulu, nthawi zina mawu onyoza anthu akhungu ngati langa. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa maluwa akulira chifukwa khoma lomwe analipenta ndi ndalama zake Lachisanu linali litadetsedwa pofika Lolemba. Amene amati graffiti yonse ndi luso sanagwirepo bulashi m'mawa wozizira mpaka zala kuuma.

Zinthu zinasintha mu February 2020. Sabata ya tsiku la Valentine, m'dera la Barton Hill munaoneka chithunzi cha Banksy cha kamtsikana koponya legeni, pamwamba pake maluwa ofiira ataphulika pakhoma. Eni nyumbayo anasangalala, atolankhani anakhamukirako, ndipo anachitchinga ndi pulasitiki yolimba kuti chitetezeke. Pasanathe masiku awiri munthu wina anakachilemba mawu achipongwe ndi penti. Mzinda wonse unakwiya kuti chithunzi chaonongedwa. Mnzanga wachikulire uja anaseka n'kunena kuti, "Taona, akudandaula kuti wina walemba pakhoma la mwini popanda chilolezo, pamwamba pa wina amene analemba pakhoma la mwini popanda chilolezo."

Sabata yomweyo anatituma kumbali ina ya mzinda, kuseri kwa sitolo ina. Mwini nyumbayo anali atadandaula. Titafika tinapeza nkhope ya mnyamata, yaikulu kuposa chitseko, yojambulidwa ndi mitundu yambiri. Amene anaijambula anali ndi dzanja labwino, maso a mnyamatayo ankakutsatira ukamayenda. Pansi pake panali dzina limodzi ndi zaka ziwiri, chobadwa ndi chomwalira. Nditachotsera ndinapeza 19. M'munsi mwa khomalo munali makandulo ozima ndi maluwa ofota.

Ndinawayang'ana bambo aja. Iwo anayang'ana pepala la ntchito n'kunena kuti adilesi ndi yomweyi. Lamulo la pantchito pathu linali loti ujambule khoma ndi foni usanayambe, ujambulenso ukamaliza, abwana aone kuti wagwira ntchito. Ndinajambula, n'kuyamba kuthira mankhwala. Penti inayamba kusungunuka kuchokera pachipumi, kutsikira m'maso.

Ndili pakati ndinamva kuti kumbuyo kwanga kwaima munthu. Anali mayi wovala yunifolomu ya ogwira ntchito yosamalira okalamba, chikwama chili paphewa, akuoneka kuti akuchokera kuntchito ya usiku. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, ameneyo ndi mwana wanga. Anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto. Anzake ndiwo anamujambula. Ndimadzera njira ino kuti ndimupatse moni." Ndinazimitsa makina. Pakamwa panga panauma. Ndinati, "Pepani mayi, ndangotumidwa." Iwo anati, "Ndikudziwa, inunso mukufuna kudya." Nkhopeyo inali itapita kale theka, kuisiya choncho kukanakhala kuipitsitsa. Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza kupaka penti yotuwa.

Asanachoke ndinakumbukira chithunzi cha m'foni chija. Ndinawaonetsa, ndipo anandipempha kuti ndiwatumizire. Anati iwo anali asanachijambulepo, chifukwa ankaganiza kuti khoma silichoka.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Makoma awiri, mzinda umodzi, sabata imodzi. Onse awiri anajambulidwa usiku popanda kupempha, ndipo pamaso pa lamulo mlandu wake ndi umodzi. Lina analitchinga ndi pulasitiki, lina anatuma ine. Sindikunena kuti anyamata aja anali ndi luso lofanana ndi la Banksy, ngakhale dzanja lawo silinali lamasewera. Ndikunena kuti amene anasankha chokhala ndi chochoka sanayeze luso, ndipo sanafunse kuti chithunzicho chikutanthauzanji kwa anthu odutsa pamenepo. Chithunzi cha Banksy chimakweza mtengo wa nyumba, nkhope ya mwana wa mayi uja siikweza. Muyeso unali umenewo.

Banksy mwiniwake akuoneka kuti amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amang'amba zithunzi zake ndi kuzigulitsa pa kabenchi. Koma msampha umene anautchera olemera wamukola yekha. Anayamba ntchitoyi kuti zithunzi zikhale mumsewu, zoonedwa ndi aliyense mosalipira. Lero akajambula pakhoma, eni ake ena amabwera ndi amisiri, kudula khomalo n'kukaligulitsa. Gogo woyetsemula wa ku Vale Street uja anamuchotsa ndi chimakina chonyamulira katundu patangopita miyezi yochepa. Sindimuda nazo munthuyu, ndipo zithunzi zake ndimazikondabe. Koma ndikamva anthu akumutamanda kuti ndi mneneri wa anthu wamba, ndimakumbukira kuti anthu wambawo akadzilankhulira okha pakhoma, amatumiziridwa munthu wa ovolosi ngati ine.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ambiri olemba pa makoma ndi ana omwe alibe nyuzipepala, alibe wailesi, alibe mpando pamsonkhano. Ena mwa iwo ndi osokoneza chabe, koma ena ali ndi chowawa chenicheni, ndipo ena ali ndi mphatso yomwe palibe anaifunsapo. Pantchito ija sanatiphunzitse kusiyanitsa. Anatiphunzitsa dzina limodzi lokha loti tizilisamala.

Ndimaganizanso za malume anga. Iwo sankabisa dzina. Pangodya ya khoma lililonse ankalembapo dzina lawo ndi nambala ya foni, kuti wina akakonda awaitane. Nditapita kumudzi chaka chatha ndinayenda m'misewu ya ku Mchesi ndi ku Kawale kufunafuna ntchito zawo. Makoma ambiri anapakidwa mitundu ya makampani otsatsa malonda, ena anagwetsedwa. Ndinapeza chimodzi chokha, mutu wa mwamuna wometa bwino pa khoma la babashopu yomwe pano akugulitsiramo makala. Dzina lawo likuonekabe pang'ono pangodya. Ndinachijambula ndi foni, mnyamata wogulitsa makalayo akundiyang'ana modabwa.

Ntchito yofufuta ndinaisiya mu 2021, pano ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu. Koma m'miyezi yanga yomaliza ndinali nditayamba chizolowezi chosunga zithunzi zonse za makoma ndisanawafufute, m'malo mozichotsa m'foni abwana akaziona. Ndili nazo zambiri. Zina n'zachabechabe, zina ndikaziyang'ana ndimadzifunsa kuti mwana ameneyu ali kuti lero.

Pempho langa kwa makolo, aphunzitsi ndi makhonsolo a kwathu ndi laling'ono. Mukapeza mwana wajambula ndi khala pakhoma la sukulu kapena la mpanda wanu, mulangeni ndithu ngati walakwa, ndipo akolope yekha. Koma musanamupatse chikolopa, imani kaye muyang'ane chomwe wajambulacho, mumufunse kuti chikunena chiyani. Ngati dzanja lake lili bwino, mupezereni khoma loti azijambulapo masana, anthu akuona. Makoma opanda kanthu m'misika ndi m'madepoti mwathu ndi ambiri.

Mayi uja ndinakumana nawonso kamodzi pa basi. Anandizindikira ndiwo, n'kunditulutsira foni yawo. Nkhope ya mwana wawo, ija ndinaijambula ndisanaifufute, ndi yomwe anaiika pagalasi la foniyo.